Ndinaikitsa ma implant m'mabere: kodi mwana wanga adzayamwa?

Sabata yatha ndinalandira imelo yomwe ndaibwereza kuwerenga kangapo. Mwiniwake wandilola kuti ndimuyankhe poyera, bola dzina lake lisatchulidwe. Analemba motere:

"Ndili ndi pakati pa miyezi 7, mwana wanga woyamba. Zaka 6 zapitazo ndinapangitsa opaleshoni yokuza mabere ndipo anandiika ma implant a silikoni. Nthawi imeneyo za ana sindinkaziganiza n'komwe. Panopa tulo sindikuliona. Mnzanga wina akuti silikoniyo amalowa mumkaka ndiye ndidzamwetsa mwana poizoni, wina akuti mkaka sudzatuluka, ndingoguliratu botolo. Kusikelo sindinanene, ndikuchita manyazi. Mtima wanga wonse uli pa kuyamwitsa. Kodi ndamulakwira mwana wanga asanabadwe?"

Achemwali, funso lomalizalo ndi limene landikhudza kwambiri. Ayi, simunamulakwire. Munapanga chisankho pa thupi lanu pa nthawi imene mwanayu kunalibe, ndipo amayi ambiri amene anachita zomwezo ayamwitsa ana awo mpaka kukula. Koma sindikupatsani mawu ongotonthoza basi, chifukwa pa zinthu ziwiri zomwe anzanu akuuzani, chimodzi n'chabodza, chinacho chili ndi kachoonadi kamene muyenera kukadziwa mwana asanabwere.

Za poizonizo ndiye zikukusowetsani tulo, pomwe ndi nkhani yopepuka pa zonse. Ma implant a silikoni, timatumba timene amaika m'bere kuti likule, si a dzulodzulo. Madokotala awiri, Thomas Cronin ndi Frank Gerow, anaika oyamba mwa mayi wina ku Houston, m'dziko la America, mu 1962. Mantha a mnzanuyo ali nako kochokera: mu 1992 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linaimitsa kaye ma implant a silikoni kwa anthu ongofuna kukuza mabere kuti afufuzidwe bwino, ndipo linadzawalolanso mu 2006. M'zaka zapakatizo mkaka wa amayi unayezedwa. Kafukufuku amene anatuluka mu 1998 anayang'ana kuchuluka kwa silicon, chomwe ndi chipangizo chachikulu cha silikoni, mumkaka wa amayi okhala ndi ma implant ndi wa amayi opanda. Sanapeze kusiyana kwenikweni. Chodabwitsa n'choti mkaka wa ng'ombe ndi mkaka wa ana wa m'chitini ndi umene unapezeka nayo yambiri kuposa wa m'mawere, ndipo apo si kunena kuti mkaka wa m'chitini ndi woopsa, silicon ali ponseponse m'chilengedwe, m'nthaka ndi m'madzi momwe. Mu 2001 bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, linanena kuti palibe umboni woletsera mayi wa ma implant a silikoni kuyamwitsa. Ndipo botolo limene akuti mugulelo, kansonga kake kofewa koonekera mkati kawirikawiri kamakhala ka silikoni yemweyo.

Mwana sangaboole implant poyamwa, ngakhale atamera mano. Thumbalo silili m'njira ya mkaka. Limaikidwa kumbuyo, mwina kuseri kwa tizigawo topanga mkaka, mwina mkati kwambiri, kuseri kwa mnofu wa pachifuwa.

Tsopano nkhani yeniyeni: mkaka udzatuluka wochuluka bwanji? Pafupifupi mayi aliyense wa ma implant amatulutsa mkaka. Ambiri umawakwanira bwinobwino. Ena umaperewera, ndipo kuperewerako kumachitika kawirikawiri mwa iwo kusiyana ndi amayi amene bere lawo silinakhudzidwepo ndi mpeni. Palibe munthu, ngakhale dokotala amene anakuchitani opaleshoni, angakuuzeni lero kuti inu muli mbali iti. Koma zilipo zizindikiro zimene mungaone nokha.

Mukavula madzulo ano, imani pagalasi mufufuze chipsera. Kodi chili pansi pa bere, pamene limapindikira pachifuwa? Chili m'khwapa? Kapena chikuzungulira m'mphepete mwa mbali yakuda ya bere? Malo amenewa ali ndi tanthauzo. Mkaka umapangidwa m'timagulu ting'onoting'ono mkati mwa bere, n'kutsata tinjira topita ku nsonga. Ndipo pali mtsempha wa uthenga wochokera m'mbali mwa chifuwa, cha pa nthiti yachinayi, umene umafika ku nsongako. Mwana akayamwa, mtsempha umenewu ndi umene umauza ubongo kuti utulutse mahomoni awiri: prolactin wopangitsa mkaka, ndi oxytocin woukankha kuti utsike. Mpeni ukadutsa pansi pa bere kapena m'khwapa, tinjirato ndi mtsemphawo nthawi zambiri zimapulumuka. Ukadutsa mozungulira mbali yakuda, mpata woti zina zadulidwa umakhala waukulu. Chimodzimodzinso implant yokhala kuseri kwa mnofu sipanikiza kwambiri tizigawo ta mkaka ngati yokhala pamwamba pa mnofu.

Kenako gwirani nsonga ya bere ndi chala, pang'onopang'ono. Mukumva? Imalimba ikakhudzidwa kapena kukazizira? Ngati inde, uthenga ukuyenda. Zaka 6 zimene zapitazo zili kumbali yanu, chifukwa mitsempha yodulidwa imamera pang'onopang'ono, ndipo tinjira tina ta mkaka timalumikizananso, makamaka pa nthawi ya pakati. N'chifukwa chake mayi wina amene mkaka unamuperewera pa mwana woyamba amadzaona wachuluka pa wachiwiri.

Pali funso lina limene anthu sakonda kulifunsa, koma kwa ine ndi lalikulu kuposa la chipsera: mabere anu anali otani musanapite ku opaleshoni? Ngati anali aang'ono chabe koma ozungulira bwino, musade nkhawa. Kukula kwa bere ndi mafuta, ndipo bere laling'ono limatha kukhutitsa mwana mofanana ndi lalikulu. Koma pali amayi ena amene mabere awo sanakhwime mokwanira pa utsikana: opyapyala ngati chubu, otalikirana kwambiri pakati, lina lalikulu lina laling'ono moonekeratu, mbali yakuda yotukuka. Mabere otere amakhala ndi tizigawo topanga mkaka tochepa chibadwire, ndipo ndi omwewo amene amapangitsa atsikana ambiri kukafuna opaleshoni. Implant imakonza maonekedwe, koma siwonjezera kachigawo ngakhale kamodzi kopanga mkaka. Mkaka ukaperewera, mayi amadziimba mlandu kuti ndi opaleshoni ija, pomwe akanaperewerabe ngakhale akanapanda kupitako. Ngati muli ndi chithunzi chakale, chiyang'aneni. Dzifunseninso ngati m'miyezi 7 imeneyi mabere alemera, apweteka, mitsempha yaonekera, mbali yakuda yakula ndi kuderapo. Kusintha kotero ndi chizindikiro chabwino.

Mawu amodzi kwa owerenga amene anaikidwa implant bere litachotsedwa chifukwa cha khansa: bere lokonzedwalo silitulutsa mkaka, koma ngati linalo lilipo, bere limodzi limatha kulera mwana. Kambiranani ndi dokotala wa khansa za mankhwala amene mukumwa.

Mwana akabadwa, pemphani kuti amugoneke pachifuwa panu, khungu kukhudzana ndi khungu, ndipo ayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe, monga bungwe la World Health Organization limalangizira mayi aliyense. Masiku oyamba mudzaona timadontho tochepa tachikasu tonanda. Musanene kuti basi mnzanga uja ankanena zoona. Mkaka woyamba umakhala wochepa kwa mayi aliyense, ndipo mimba ya khanda lobadwa kumene ndi yaing'ono zedi. Muyamwitseni pafupipafupi, ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usiku womwe. Akamaliza, finyani ndi dzanja timadontho totsala m'kasupuni koyera, mumumwetse. Masabata awiri oyambawa ndi amene bere limaphunzira kuti lipange wochuluka bwanji, ndipo limaphunzira poona kuti mkaka ukuchotsedwa. Kwa inu, amene mwina tizigawo tina sitigwira ntchito, n'kofunika kuti totsalato tilimbikitsidwe msanga.

Cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi mkaka umabwera wambiri, ndipo apa ndikuchenjezeni. Bere lokhala ndi implant lili kale ndi mlendo mkati, ndiye likadzaza limatha kuuma gwa ngati mwala, kuwala, kupweteka mpaka kukhwapa. Nsonga imaphwatalala, mwana n'kumalephera kugwira, iye akulira inunso mukulira. Zikatero ikani nsonga za zala mozungulira tsinde la nsonga ya bere, kanikizirani mkati mofatsa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti pafewe, finyani pang'ono, kenako muikeni mwana. Akamaliza ikanipo kansalu kozizira. Musalole munthu kulikanya bere mwamphamvu ngati akuchapa chovala, kumangowonjezera kutupa. Mbali ina ya bere imene tinjira take tinadulidwa imatha kukhala yolimba masiku angapo chifukwa mkaka ulibe potulukira, kenako imaphwa yokha.

Chimene ndikufuna musaiwale ndi ichi. Amayi ena amadziwa kuti mwana wayamwa poona bere lafota. Inu chizindikiro chimenecho chikhoza kukunamizani, chifukwa bere la implant limaoneka lodzaza nthawi zonse, ngakhale mkaka mulibe. Choncho maso anu achoke pabere, apite pa mwana. Mvetserani akamayamwa: chibwano chizitsika, n'kuima pang'ono, kenako kaphokoso kakumeza. Werengani matewera. Pofika tsiku lachisanu azinyowetsa 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo woyera, ndipo chimbudzi chakuda chomata chija chikhale chitasintha n'kukhala chachikasu. Makanda onse amatsika pang'ono pa sikelo masiku oyamba, koma kutsika kukayandikira magawo 10 pa 100 a kulemera kobadwa nako, pafunika kuchitapo kanthu, ndipo pofika masiku 10 mpaka 14 ayenera kukhala atabwerera pomwe anabadwira. Pemphani kuti ayezedwe sabata yoyamba isanathe, ndiponso kachiwiri sabata yotsatira. Mwana wongogona osadzuka kuti ayamwe, wouma kukamwa, wa liwombo lolowa, wa maso kapena khungu lachikasu, si mwana wofatsa. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga mkaka ukapezekadi kuti ndi wochepa? Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu amene amalankhula ngati njira ndi ziwiri zokha, bere kapena botolo. Ndinakhalapo pafupi ndi mayi wina amene mkaka wake unkangokwana theka la zimene mwana ankafuna. Anamuphunzitsa kumata kachubu kopyapyala pabere, nsonga yake kufika pa nsonga ya bere, mbali inayo m'kabotolo ka mkaka wowonjezera kolendewera pakhosi pake. Mwana ankayamwa bere, n'kumalandira zonse ziwiri nthawi imodzi, kadzanja kali pachifuwa cha mayi ake, maso ali mwa iwo. Masiku oyamba mayiyo ankalira pomata kachubuko. Patapita milungu ingapo ankakamata akucheza, osayang'anako n'komwe, ndipo anayamwitsa motero kupitirira chaka. Ena amayamwitsa kaye kenako n'kuwonjezera ndi kakapu. Chowonjezeracho chikhoza kukhala mkaka wanu wofinya kapena wa m'chitini wosungunulidwa ndi madzi owiritsa, motsata muyeso wolembedwa pachitinipo, osachepetsa kapena kuchulukitsa ufa. Mkaka wanu, ngakhale utakhala wochepa, umapatsabe mwana chitetezo ku matenda. Ndipo mwana wanjala ayenera kudyetsedwa lero, nkhani ya kuchulukitsa mkaka izipitirira iye ali wokhuta. Musadabwenso bere limodzi likamatulutsa wambiri kuposa linzake, opaleshoni siikhudza mbali zonse mofanana.

Simunafunse, koma ambiri amafunsa ngati kuyamwitsa kudzagwetsa mabere n'kuwononga ntchito ya dokotala. Chimene chimasintha mabere kwambiri ndi pakati penipenipo, msinkhu, chiwerengero cha mimba ndi kusuta fodya. Kusinthako kwayamba kale, muyamwitse kapena ayi.

Bere likafiira, kutentha, kupweteka, inu n'kumamva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi, pitirizani kuyamwitsa koma kaonaneni ndi dokotala mwamsanga, ndipo mawu oyamba akhale akuti muli ndi implant. Chithupsa cha m'bere nthawi zina amachipopa ndi jakisoni, ndiye wogwira jakisoniyo ayenera kudziwa chomwe chili kumbuyo. Bere likasintha kaumbidwe mwadzidzidzi, kapena limodzi likatupa kwambiri popanda chifukwa, kapimitseni. Implant ya madzi amchere ikaphulika bere limaphwa moonekera, koma ya silikoni imatha kung'ambika mwakachetechete, n'chifukwa chake FDA imalangiza kujambulitsa ndi ultrasound kapena MRI pakatha zaka 5 kapena 6, kenako zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Inu mwafika pa nthawiyo. Funsani dokotala kuti mudzajambulitse liti.

Zonsezi zikutifikitsa pa mawu anu amene andidetsa nkhawa kuposa ena onse, akuti kusikelo simunanene. Achemwali, kaneneni ulendo ukubwerawu. Ndikudziwa mukuopa maso a anthu, mwina ndi mawu olasa. Simukuyenera kufotokozera aliyense chifukwa chimene munachitira opaleshoni, ngakhale achibale, ngati simukufuna. Koma mzamba amene sakudziwa adzaona bere lodzaza, n'kunena kuti mkaka ulipo wambiri, pitani kunyumba. Amene akudziwa adzayang'anitsitsa kagwiridwe ka mwana, adzakuitanani msanga kusikelo, ndipo adzakulozerani kwa mlangizi wa za kuyamwitsa ngati alipo. Ngati pakamwa pakulemera, lembani pa kapepala mumupatse: chaka cha opaleshoni, mtundu wa implant, pamene pali chipsera, ndi ngati ili pamwamba kapena kuseri kwa mnofu. Zimenezi zimalembedwa pa kakhadi kamene ambiri amapatsidwa pambuyo pa opaleshoni, ndipo ngati kanatayika, chipatala chimene munachitira chikhoza kukuuzani. Pemphani kuti zilembedwe m'buku lanu la kusikelo, kuti tsiku lochira musadzavutike kufotokoza muli pa ululu.