Njinga Yanga Imandigwedeza Ndikamatsitsa Giya

FUNSO: Akonzi, ine ndine wakabaza wa njinga yamoto ku Dedza, ndipo kawirikawiri ndimatsika ndi makasitomala pa msewu wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti. Ndikamayandikira pokhota n'kutsitsa giya kuchoka pa 4 kupita pa 3, injini imabangula, njinga imachita ngati yakodwa ndi chingwe, ndipo kasitomala amandigunda pamsana. Tsiku lina kutagwa mvula tayala lakumbuyo linaterereka, moti mayi amene ndinawanyamula anapempha kuti atsike. Mnzanga wina wapasiteji akuti ndizipatsa moto pang'ono ndisanasiye kilatchi, koma wina akuti kumeneko n'kutaya mafuta komanso kudzionetsera. Kodi ndimvere uti? — Wakabaza, Dedza

YANKHO: Achimwene, mverani mnzanu woyambayo. Ndifotokoza chifukwa chake mofatsa, popeza munthu akadziwa zimene zikuchitika m'kati mwa njinga, dzanja lake silichedwa kuzolowera.

Injini ndi tayala lakumbuyo n'zolumikizana kudzera pa kilatchi, magiya ndi tcheni. Giya iliyonse ili ndi muyeso wake wa maulendo amene injini iyenera kuzungulira kuti tayala lizungulire kamodzi, ndipo giya yam'munsi imafuna maulendo ambiri kuposa yapamwamba. Tiyerekeze kuti mukuyenda pa liwiro la makilomita 40 pa ola muli pa giya 4, injini ikuzungulira maulendo 4,000 pa mphindi. Kuti muyende pa liwiro lomwelo muli pa giya 3, injiniyo ingafunike kuzungulira maulendo pafupifupi 5,000. Manambalawa amasiyana malinga ndi mtundu wa njinga, koma mfundo yake sisintha. Tsono mukatseka moto n'kukoka kilatchi, injini imafooka mpaka kuyandikira mmene imalirira njinga ikangoima, mwina maulendo 1,500. Mukasiya kilatchi nthawi imodzi, injini yofookayo iyenera kukwera kufika pa 5,000 m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo chimene chimaikweza ndi tayala lakumbuyo. Injini imakana kukokedwa motero, ndipo pokanapo imagwira tayala ngati kuti mwaponda buleki yakumbuyo mwamphamvu.

Pa phula louma tayala limapirira, inu n'kungomva kugwedezeka, ngakhale kuti tcheni, masipuloketi (magudumu a mano amene tcheni imayendapo) ndi timalabala ta m'kati mwa gudumu lakumbuyo zimalandira nkhonya ulendo uliwonse. Koma pa phula lonyowa, pa mchenga umene madzi a mvula amausiya m'makona, kapena njinga itapendekeka, tayala limakhala litagwira pansi pang'ono chabe. Onjezerani kuti potsetsereka ndiponso pogwira buleki kulemera kumathamangira kutsogolo, kumbuyo n'kupepuka. N'zimene zinakuchitikirani tsiku lija, ndipo mayiwo sanalakwitse kuchita mantha.

Kupatsa moto kumene mnzanuyo akunena n'kuikweza nokha injini kuti ikakumane ndi liwiro la tayala, m'malo mosiyira tayala ntchito imeneyo. Yambani ndi mabuleki kuti liwiro litsike kufika poyenera giya imene mukufuna. Mukatero kokani kilatchi, potozani moto pang'ono n'kuubweza nthawi yomweyo, phazi lilowetse giya injini idakali m'mwamba, kenako musiye kilatchi mosachedwa koma mosaponya. Zinthuzi pozilemba zikuoneka zambiri, koma munthu akazolowera zimachitika ngati chinthu chimodzi, m'nthawi yosakwana sekondi. Motowo ndi wongokhudza, dzanja n'kubwerera; ambiri amalakwitsa poupotoza n'kuugwira, kapena poupatsa msanga kenako n'kuchedwa kusiya kilatchi, injini itagwa kale.

Njinga zambiri zapakabaza zilibe wotchi yoonetsa maulendo a injini, ndipo ine sindiona vuto pamenepo, chifukwa khutu ndi thupi zimauza zonse. Njinga ikadumphira kutsogolo posiya kilatchi, moto unachuluka. Ikagwira n'kukuweramitsani, moto unachepa kapena munachedwa. Ikangosintha mawu osagwedezeka konse, mwapeza muyeso wake, ndipo muyeso umenewo muusunge m'khutu.

Chovuta kwenikweni ndi dzanja lamanja, pakuti ndi lomwelo limene lagwira buleki yakutsogolo. Gwirani bulekiyo ndi zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, ndipo chala chachikulu ndi chikhatho zikhale zopotoza moto. Poyamba mudzaona kuti mukamapotoza moto zala zija zikufinya kapena kumasula buleki, njinga n'kumagwedera kutsogolo, ndipo chimenechi n'choopsa kuposa vuto limene mukufuna kuthetsa. N'chifukwa chake ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musaphunzirire pa Khwekhwerere muli ndi munthu kumbuyo. Pezani msewu wowongoka, wathyathyathya ndiponso wopanda magalimoto ambiri, muyambe ndi kutsitsa kuchoka pa 4 kupita pa 3 osagwira buleki, chifukwa magiya apamwamba ndi oyandikana ndipo amakhululuka. Kuchoka pa 2 kupita pa 1 mpata wake ndi waukulu, choncho kumeneko mufikeko pomaliza. Buleki muiphatikizepo pamene zinazo zalowa m'magazi.

Masiku amene mukuphunzirawo, pa ntchito gwiritsani njira yachiwiri imene ilinso yabwino: tsitsani liwiro mokwanira ndi mabuleki, lowetsani giya, ndipo musiye kilatchi pang'onopang'ono kuti mbale zake zikweze injini mofatsa. Makilatchi a njinga zoterezi amakhala m'mafuta a injini, motero amapirira kukhuzana kwa kanthawi kochepa. Njira imeneyi imadya mbalezo mochulukirapo pang'ono kuposa yoyamba ija, koma mbale za kilatchi zimagulidwa.

Za mafuta, mnzanu wachiwiriyo asakusokonezeni. Moto wosakwana sekondi umadya petulo wochepa zedi poyerekeza ndi mtengo wa tcheni ndi masipuloketi zikatha msanga. Kudzionetsera kumene akunenako kulipodi, kwa anyamata amene amabangulitsa injini ataima pasiteji, koma n'kosiyana ndi izi; wodziwa kupatsa moto potsitsa giya samveka n'komwe patali.

Pali malire amene muyenera kuwadziwa. Kupatsa moto sikungakupulumutseni mukalowetsa giya yam'munsi kwambiri muli pa liwiro lalikulu, chifukwa pamenepo tayala limazunguza injini kupyola muyeso wake, ndipo zitsulo za m'kati mwa injini, mavavu ndi pisitoni, zikhoza kugundana. Tsitsani giya imodzi imodzi, kusiya kilatchi pakati pake, ndipo zonse zithe musanalowe m'kona, njinga isanapendekeke. Ngati mwayesetsa koma njinga ikugwedezabe, apatseni amakaniko aone waya wa moto, waya wa kilatchi ndi kulendewera kwa tcheni. Waya wa moto ukakhala wolobodoka, dzanja limapotoza koma injini imayankha mochedwa, ndipo tcheni yolendewera kwambiri imamenya ngakhale mutachita zonse molondola.

FUNSO: Ine ndimagwira ntchito za ulangizi m'boma la Rumphi ndipo ndimayenda pa njinga ya ku ntchito. Potsika kuchoka ku Livingstonia kupita ku Chitimba ndimangokoka kilatchi kapena kuika pa neutral n'kumadalira mabuleki, kuti ndipewe kugwedezeka kwa magiya. Kodi pali cholakwika? — Mayi wowerenga, Rumphi

YANKHO: Mayi, cholakwika chilipo ndipo n'chachikulu. Msewu umenewo uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo mukatsika mutalekanitsa injini ndi tayala, ntchito yonse yogwira njinga imagwera mabuleki okha. Mabuleki amasandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo akatentha kwambiri, makamaka aja a dilamu amene satulutsa kutentha msanga, amayamba kugwira mofooka pamene inu mukuwafuna koposa. Chinanso n'chakuti liwiro likakula muli pa neutral, n'kufuna kubwerera m'giya mwadzidzidzi, mpata wa pakati pa injini ndi tayala umakhala waukulu kuposa umene ndafotokozera achimwene a ku Dedza, ndipo pa msewu wa miyala ndi fumbi tayala silichedwa kuterereka.

Kugwira kwa injini si mdani wanu. Choipa n'kugwira kwadzidzidzi kokha. Sankhani giya muli pamwamba, musanayambe kutsika, ndipo kawirikawiri giya imene mungakwerere phirilo ndi imenenso muyenera kutsikira, mwina 2, kapena 1 m'makona othina kwambiri. Siyani kilatchi yonse, tsekani moto, injini izigwira njinga mosalekeza, ndipo mabuleki muziwagwira pofika pa kona n'kuwamasula mukatuluka kuti apeze mpata wozizira. Injini idzalira mokwera kuposa mmene munazolowera, koma malinga ngati simukuilola kufika pokuwa, kulira kumeneko sikuiwononga. Mukaona kuti liwiro likukulabe ngakhale muli m'giya, gwirani mabuleki pamalo owongoka kufikira njinga itatsala pang'ono kuima, ndipo pamenepo mutsitse giya ina.