Kanema wa CCTV: kodi wina anamusintha?

Funso: Akonzi, m'shopu mwanga munasowa makatoni awiri a mafuta ophikira. Mlonda wanditumizira pa WhatsApp kanema wa kamera woonetsa wantchito wanga akutuluka atasenza katoni. Koma nthawi yolembedwa pakanemayo ikuti 3 koloko usiku pomwe kunja kuli dzuwa, ndipo pena munthuyo akungodumpha kuchoka pakauntala n'kupezeka pakhomo. Kodi wina anamusintha? Ndine mwini shopu, ku Mchinji.

Yankho: Bambo, musathamangire kuloza chala wantchito kapena mlonda. Zonse ziwiri mwatchulazi zimachitika ngakhale palibe wagwira kanthu. M'kati mwa bokosi lojambulira lija, DVR, muli kabatire kozungulira ngati kandalama kachitsulo, kamene kamasunga wotchi magetsi akazima. Kakatha mphamvu, nthawi imasokonekera. Kudumphako nthawi zambiri kumabwera chifukwa makinawo anawatchera kuti azijambula pokhapokha akaona chinthu chikuyenda.

Vuto lenileni ndi WhatsApp. Imafinya kanema kuti achepe, nkhope n'kufufuma, ndipo imachotsa zolembedwa zobisika zosonyeza tsiku ndi makina amene anajambula. Ngati mlondayo anangoloza foni pasikirini, ndiye basi, zimenezo n'zosadalirika.

Pitani pa DVR lero lomwe, chifukwa disiki ikadzaza imafufuta zakale yokha, pena pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri. Musanakhudze chilichonse, ikani foni yoonetsa nthawi yolondola pambali pa sikirini n'kujambula zonse pamodzi. Ngati wotchi ya DVR yatsalira ndi maola 9, chimene chalembedwa 3 koloko usiku chinachitika 12 koloko masana. Wotchiyo musaikonze kaye.

Kenako kopererani pa fulashi yatsopano kanema wa makamera onse, kuyambira ola lathunthu zisanachitike mpaka ola lina zitachitika. Fayiloyo musaitembenuze kukhala ya mtundu wina; mwachitsanzo, makina a kampani ya Dahua amatulutsa fayilo yothera ndi .dav, isiyeni choncho. Chimene kamera ya pakauntala yaphonya, ya pakhomo imakhala itachigwira, ndipo wonama zimamuvuta kusintha makanema a makamera onse kuti agwirizane.

Pakompyuta ya Windows, tsegulani Command Prompt, pulogalamu yolembamo malamulo a kompyuta, n'kulemba certutil -hashfile, dzina la fayilo, kenako SHA256. Patuluka zilembo ndi manambala 64. Zilembeni papepala, musaine limodzi ndi mboni. Wina akadzadula ngakhale sekondi imodzi, manambalawo adzasinthiratu. Fulashi ndi pepalalo ndizo mukapereke kupolisi.