Yankho kwa Amalume pa Nkhani ya Boroni Wowala

Amalume, ndamva funso limene mwaponya m'gulu la banja, loti zimatheka bwanji kuti mankhwala awiri opangidwa ndi zinthu zofanana ndendende asiyane, ena n'kumawala pomwe anzake sawala.

Boroni amene mumaona atalembedwa pa matumba ena a feteleza wa fodya kuno ku Kasungu ndi yemweyo, koma akagwirizana ndi haidrojeni, maatomu ake sandandalikana mumzere ngati a kaboni, amasonkhana n'kupanga timakola ta nkhope za makona atatu. Katswiri wa sayansi wa ku America William Lipscomb analandira mphoto ya Nobel mu 1976 chifukwa chofotokoza kamangidwe ka timakolati.

Taonani B18H22, molekyulu ya maatomu 18 a boroni ndi 22 a haidrojeni. Ili ndi timakola tiwiri totseguka tolumikizana m'mphepete, ndipo kalumikizidweko kali pawiri. Pa mtundu wotchedwa anti, timakolato timayang'ana mbali zosiyana, pomwe pa mtundu wa syn timapendekera mbali imodzi. Mukasungunula mtundu wa anti ndi kuuunika ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV, umabweza pafupifupi magawo 97 pa 100 alionse a kuwala kumene wameza ngati kuwala kwa buluu, koma wa syn ukasungunulidwa chimodzimodzi umangokhala zii.

Chifukwa chake n'chakuti molekyulu ikameza kuwala iyenera kutulutsa mphamvuyo, ndipo njira zake ndi kuwala kapena kugwedezeka kumene kumathera m'kutentha. Mtundu wa anti ndi wolimba, sukhala ndi popindikira, choncho mphamvu imatuluka ngati kuwala. Wa syn umapeza popindikira msanga n'kutaya mphamvuyo mwakachetechete. Zili ngati ng'oma, Amalume: yokungika bwino imalira, yolefuka chikopa imangomeza dzanja la woimba.

Ngakhale kusintha pang'ono kumaoneka. Akachotsa maatomu awiri a haidrojeni pa mtundu wa anti n'kuikapo ayodini, amene ndi wolemera kwambiri, kuwala kumasanduka kobiriwira, kumachedwerapo kuzima, ndipo mpweya wa okosijeni umakuzimitsa.

Chimene chimandikoka mtima ine n'chakuti mu 2015 akatswiri a ku Spain ndi ku Czech Republic anapanga laser (chipangizo chotulutsa kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi) yoyamba yochokera ku mtundu wa anti, yotulutsa kuwala kwa buluu kwa mananomita 406 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala). Utoto wa kaboni umene amagwiritsa ntchito mu laser zotere umawonongeka ukawombedwa ndi kuwala nthawi yaitali, koma timakola ta boroniti tinapirira kuposa utoto wina wabuluu umene unali kale pamsika.