Mwafunsa, Tayankha: Ndatola kamba kumunda, ndimusunge?

Funso: Akonzi, mvula yoyamba itagwa ndinatola kamba kumunda, chodabwitsa chigoba chake chakumbuyo chimatsekeka ngati chitseko ukamukhudza. Ana akuti timuboole tim'mange chingwe azikhala pakhomo. Ndi mtundu wanji ameneyu, nanga ndi mlandu kumusunga? Wowerenga, Balaka.

Yankho: Achimwene choyamba chingwecho chiiwaleni kaye. Chigoba chija si chipewa choti anangovala ayi, ndi fupa lolumikizana ndi msana komanso nthiti, muli magazi ndipo akumva kuwawa, mukaboola bala limatha kuola mpaka kufa.

Amene mwatolayo ndi wa gulu lomwe asayansi amati Kinixys, akaopsezedwa amalowetsa miyendo yakumbuyo n'kutseka. Mtundu wina mpaka unapatsidwa dzina la kwathu konkuno, Kinixys zombensis, kuchokera ku Zomba. Chilimwe chonse amabisala m'maenje kapena pansi pa zinyalala, nde mvula ikagwa amatuluka kukasaka bowa, nkhono, abongololo ndi zipatso zakugwa. Pakhomo mumupatsa chani, nsima? Sizingatheke.

Ndikudziwa kuti anakunyowetsani m'manja pomunyamula, paja amati kamba amanyera amene wam'tola. Koma zoseketsazi kwa iye ndi zoopsa, madzi amenewo amawasunga m'thupi kuti adutse nawo nyengo yowuma, ndiye ana akamangomunyamulanyamula akumutayitsa madzi ake.

Pamlandu, eee ulipo. Kamba ndi nyama yakutchire, kumusunga kapena kumugulitsa popanda chilolezo cha Dipatimenti ya Nyama Zakutchire ndi kuphwanya lamulo, lomwenso analikhwimitsa mu 2017. Mubwezeni pomwe munamupeza, pakatchire pambali pa munda, osati kukamuponya mumtsinje mwati mukumuthandiza, wa kumtunda satha kusambira ngati nkhasi. Akakhala ovulala dziwitsani a dipatimentiyi kapena a Lilongwe Wildlife Trust. Ndipo anyamata otentha tchire posaka mbewa aja muwauzeko, gwape amathawa moto koma kamba amapsera pompo.

Funso: Kodi kunyanja yathu kulinso akamba a m'nyanja aja timaona pa TV? Wowerenga, Salima.

Yankho: Amenewo ndi a m'madzi amchere, kuti muwaone mpaka ku gombe la Mozambique. Ife tili ndi nkhasi, zina za chigoba cholimba zomwe zimawothera dzuwa pamiyala ndi pazipika mumtsinje wa Shire, komanso ina yaikulu ya chigoba chofewa ngati chikopa, Cycloderma frenatum, yomwe imakula kufika theka la mita. Imeneyi imapezeka m'nyanja ya Malawi, mu Shire ndi Zambezi, imakonda kudzikwirira mumchenga pansi pamadzi kudikira nsomba, ndipo imaikira mazira mumchenga wa pagombe pomwe anthu amakafukula n'kukaphika, zina zimakodwa m'maukonde a asodzi. Pano ili pa mndandanda wa nyama zomwe zili pachiopsezo chotha, ndiye inu a ku Salima mukaona chisa chake pagombe musauze ana.