Mphwanga, dzanja lachitsulolo lidzayambira pa inu

Mphwanga, ndawerenga zimene mwalemba pamodzi ndi mayankho a amene akukuomberani m'manja, ndipo ndikupemphani kuti muganizirenso mawu anu akuti masankho akungotitayitsa nthawi, dziko lino likufunika mtsogoleri mmodzi wa dzanja lachitsulo. Za kukwera mtengo kwa ufa ndi feteleza sindikutsutsani, chifukwa tonse tikugula pa sitolo zomwezo. Koma mtsogoleri amene mukumulakalakayo simudzaonana naye maso ndi maso, iye adzakhala ku State House ku Lusaka. Amene mudzakumana naye tsiku ndi tsiku ndi kamunthu ka pamsika kapena pasiteshoni ya basi, kamene kazindikira kuti kulibe kumene mungakakasumire.

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinayamba kugulitsa salaula pa msika wina muno mu Chipata. Msikawo, chipani ndi chaka sinditchula, chifukwa gulu lathu lino la pa intaneti lingasanduke bwalo la ndewu, ndiponso amene anandichita chipongwe akadali moyo. Masiku amenewo msika unali m'manja mwa makada, anyamata a chipani amene ankadutsa ndi kachikwama kutolera ndalama pa tebulo lililonse, kuwonjezera pa msonkho wa nthawi zonse, osapereka lisiti. Pa msonkhano wa ogulitsa ndinaimirira n'kufunsa mwaulemu kuti ndalamazo zimapita kuti, popeza chimbudzi chinadzaza kalekale ndipo mpopi unali wouma. Sindinatukwane munthu ndipo sindinatchule dzina la mtsogoleri aliyense.

M'mawa mwake, mvula itagwa usiku wonse, ndinali nditangodula mawaya a belo latsopano la zovala za ana, limene ndinagula ndi ndalama yangongole. Anafika anyamata ovala zipewa za chipani, ena akununkha kachasu dzuwa lisanakwere n'komwe. Mmodzi anagubuduza tebulo, anzake n'kuyamba kupondaponda timadilesi ndi timajuzi m'matope. Anandigwira pakolala, nandigwaditsa m'matope momwemo, n'kundilamula kuti ndionetse chizindikiro cha chipani chawo ndi dzanja, ndifuulenso silogani yawo. Ndinafuula. Anati sizinamveke, ndibwereze, ndipo ndinabwereza mpaka mawu anasasa. Magalasi anga atagwa, mnyamata wina anayang'ana kaye pamene agwera, kenako n'kuwaponda pang'onopang'ono kuti ndimve kusweka kwake. Msika wonse unali zii. Amayi a tomato, amene tinkasungirana katundu wina akachokapo, anaweramitsa mutu n'kumakonzakonza milu imene anali atayala kale. Sindiwaimba mlandu, anali ndi ana oyembekezera nsima kunyumba.

Amene sindinamukhululukire mpaka lero ndi tcheyamani wa msikawo. Munthu ameneyo ndinamuphunzitsa ine kugwira pensulo ali kamwana ka mamina, koma tsiku limenelo anaima chapatali akukukuta chimanga chootcha, ndipo anyamata aja atatopa anabwera n'kunena kuti, "Aticha, pano si pasukulu, mafunso muzikafunsa ana." Nditapita kukadandaula, wa yunifolomu amene ndinamupeza anatseka buku lake, nandiuza motsitsa mawu kuti nayenso ali ndi banja, ndipite ndikapepese kwa tcheyamaniyo. Taganizani, wophwanyidwa magalasi ndiye akapepese! Malo anga anapatsidwa kwa mlamu wa tcheyamaniyo sabata lomwelo, ndipo ngongole ya belo lija ndinabweza ndi ndalama za penshoni. Boma litasintha, tcheyamani uja ndiye anali woyamba kuvala malaya a mtundu watsopano, ndipo ndikakumana naye amandipatsa moni wa manja awiri ngati palibe chinachitika. Anthu oterewa alibe chipani, amangonunkhiza kumene kuli mphamvu yopanda woifunsa, ndipo ulamuliro umene mukuupemphawo ndi umene umawanenepetsa.

Musaiwale kuti zimene zinandichitikirazo zinachitika masankho alipo, makhoti alipo. Nanga zimenezi zitachotsedwa? Ife a misinkhu ino tinaziona. Mu 1972 chipani cha a Simon Kapwepwe cha UPP chinaletsedwa, iwo eni n'kutsekeredwa, ndipo chaka chomwecho chisanathe dziko linakhala la chipani chimodzi cha UNIP cha a Kenneth Kaunda. Pa masankho a mtsogoleri wa dziko munkangosankha inde kapena ayi, a Kaunda alibe wopikisana nawo. Boma linali ndi mphamvu yotsekera munthu osamuzenga mlandu. Tsopano funsani agogo anu ngati dzanja lolimbalo linatsitsa mitengo. Adzakuuzani za mizere ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira imene anthu ankaiyamba m'bandakucha pa masitolo a boma, za makuponi a ufa, ndiponso za zipolowe za mu June 1990 mtengo wa ufa utakwera, pamene anthu oposa 20 anafa. Njala inalipo, chimene chinasowa ndi pakamwa poinenera. Abale athu a ku Malawi, kutsidya kwa Mwami, anali pa moto woposa wathu mu ulamuliro wa a Kamuzu Banda, mpaka maepiskopi a Katolika analemba kalata yawo ya mu March 1992, imene inatsegula njira ya riferendamu ya zipani zambiri ya mu 1993.

Kuno kum'mawa a Kaunda tinkawakonda, ndipo masukulu ndi zipatala zimene anamanga sitingazikane. Pa masankho a pa 31 October 1991, chipani cha MMD cha a Frederick Chiluba chinatenga mipando 125 mwa 150 ya ku nyumba ya malamulo, koma mipando yonse 19 ya chigawo chino inapita ku UNIP. Komabe chinthu chachikulu chimene bamboyo anachitira dziko lino, m'maganizo anga, n'chakuti atagonja anatuluka mu State House popanda kukhetsa magazi. A Rupiah Banda, mwana wa kuno kwathu, anachitanso chimodzimodzi mu 2011, akupukuta misozi pamaso pa dziko lonse, ndipo mu 2021 a Lungu nawonso anatula udindo, ngakhale kuti pa tsiku lovota, 12 August, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa.

Musaganize kuti amene analowa ndi nyimbo ya demokalase ndi angelo. A Chiluba omwewo anasintha malamulo a dziko mu 1996 kuti a Kaunda asaimenso chifukwa makolo awo anachokera ku Malawi, ndipo mu 2001 anafuna teremu yachitatu. Anawaletsa ndi anthu wamba, mipingo, maloya ndi mabungwe a amayi amene anagwirizana mu Oasis Forum, akuvala timaliboni tobiriwira ndi kuliza mahutala a galimoto. Lamulo la Public Order Act, limene atsamunda anatisiyira kuchokera mu 1955, chipani chilichonse chinkalira nalo chili kunja, chikalowa m'boma n'kuyamba kulikonda. Pa mlandu wa a Christine Mulundika, khoti la Supreme linagamula mu 1996 kuti kukakamiza anthu kupempha chilolezo cha apolisi asanasonkhane n'kuphwanya malamulo a dziko, koma lamulolo linangokonzedwa pang'ono, kuletsa misonkhano n'kupitirira. Choncho munthu amene munamuvotera ndi mtima wonse ndiye woyenera kumuyang'anitsitsa kwambiri, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono malangizo anga ndi awa. Sungani bwino chiphaso chanu cha unzika (NRC) ndi kadi yovotera, musapereke kwa wina aliyense amene akuti akulemba mayina a feteleza kapena a chithandizo. Pa tsiku la masankho kavoteni, ndipo mukadikire mpaka zotsatira zitamatidwa pakhoma la pamalo ovoterapo, muzijambule ndi foni. Pa misonkhano ya thumba la chitukuko cha m'dera (CDF) ndi ya makopaletivu muzipita ndipo muzifunsa za ndalama, chifukwa ndi zanu, koma musaimirire nokha monga ndinachitira ine. Panganani anthu asanu kapena khumi kuti wina akakhala pansi wina aimirire ndi funso lomwelo.

Komabe, poti ndinu wamng'ono ndipo mwina muli ndi ana, ndikuuzeni zoona. Anyamata ngati aja akakuzingani n'kunena kuti fuulani, fuulani basi, musalimbane nawo, chifukwa sindikufuna kudzamva kuti mwagonekedwa m'chipatala mutathyoka nthiti. Chitenje kapena malaya a chipani musavale popita pamsika, ngakhale chipanicho chikhale cholamula. Pa intaneti pano muzisamala kwambiri. N'zoona kuti lamulo loletsa kunyoza mtsogoleri wa dziko linachotsedwa mu December 2022, koma mu 2025 munabwera malamulo atsopano okhudza zolemba za pa intaneti, ndipo m'gulu la anthu ambiri chonchi simudziwa amene akujambula zimene mwalemba n'kutumiza kwina. Ndemanga ija munalemba dzulo yotchula dzina la khansala wa kwanu ndi nkhani ya mapuloti, ifufuteni lero lomwe, ndipo ngati muli ndi umboni mupite nawo kwa loya kapena kwa abusa anu musanauze wina aliyense.