Zipangizo za chipatala ku Chigwa: kodi boma lidzandilipira ngati ku America?

Mayi wina wa ku Nchalo, amene wapuma pa ntchito ya unamwino, wandilembera motere: "Mchemwali wanga ali ku America, amagwira ntchito pa kampani yogulitsa njinga za anthu aulumali, ndodo zoyendera ndi makina a mpweya. Akuti wodwala amangotenga katunduyo, boma n'kumalipira kampaniyo kudzera mu inshuwalansi. Ine ndalandira K6 miliyoni ya penshoni. Ndilembetse kuti, kuti nanenso boma lizindilipira chomwecho?"

Mayi, zimene akunena achemwali anuzo n'zoona, koma ndi za kumene aliko. Inshuwalansi imeneyo ndi Medicare, ya boma la America, yothandiza makamaka anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo. Ngakhale kumeneko sangodzuka n'kuyamba. Kampani imayamba yayenderedwa ndi bungwe lovomerezeka ndi boma, imaika chikole cha madola 50,000, kenaka imalembetsa ku Medicare. Ikatero, Medicare imalipira 80 peresenti ya mtengo umene iyo yavomereza, yotsalayo ndi ya wodwala kapena inshuwalansi yake ina.

Kuno kwathu thumba lotere kulibe. Boma lathu silipatsa munthu aliyense khadi la inshuwalansi kuti akatenge ndodo pa shopu yanu inu n'kukatenga ndalama ku Capital Hill. Limagula lokha katundu n'kumupereka ulere m'zipatala zake, ndipo wambiri amadzera ku Central Medical Stores Trust. Ndiye funso lanu tilitembenuze: mungakhale bwanji mmodzi wa ogulitsa katundu ku zipatala, ndipo ndani amalipira msanga?

Za mapepala sizovuta kwenikweni. Lembetsani bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mutenge nambala ya msonkho ku MRA, mutsegule akaunti ya ku banki m'dzina la bizinesiyo, osati lanu. Kuti mugulitse ku boma mufunika satifiketi ya PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, komanso kalata ya MRA yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Zonse ziwirizi zimatha ntchito, muzikumbukira kuzikonzanso. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa PMRA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board ndi lamulo la 2019. Anthu amaganiza kuti limangoona za mankhwala, chonsecho zipangizo za chipatala nazo zili m'manja mwake. Musanalipire lendi ya nyumba ina iliyonse, pitani kumeneko ndi mndandanda wa katundu amene mukufuna kugulitsa, akuuzeni chilolezo chokuyenerani ndi mmene malo ayenera kukhalira. Satifiketi yanu ya unamwino si chilolezo chogulitsira mankhwala, choncho musasakanize mapilitsi mu katunduyo pofuna kudzaza mashelefu.

Tsopano nkhani yeniyeni, imene sindifuna muidumphe. Boma limagula zambiri, koma kulipira kwake n'kwa pang'onopang'ono. Mumapereka mitengo, komiti yogula katundu ikusankhani, mulandira LPO (chikalata cha oda), mupereka katundu, kenaka kudikira. Ineyo ndinathandizapo bambo wina amene anapereka magolovesi ndi mabandeji ku ofesi ina atatenga ngongole ku banki. Cheke chinatuluka ndithu, koma pofika tsikulo chiwongoladzanja chinali chitadya phindu lonse, ndipo katundu yemweyo anali atakwera mtengo kwa amene amamuoda. Kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi LPO ya mitengo yakale m'manja analira. Zipangizo zimenezi pafupifupi zonse ndi zochokera kunja, ndipo ndalama zakunja mukudziwa mmene zikusowera. K6 miliyoni ikatsekeka mu oda imodzi kwa miyezi ingapo, shopu yatsekanso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi olipira pompopompo. Kuchokera ku Dyeratu kudzera ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje kuli anthu ambiri a BP ndi shuga amene amakwera Thabwa kupita ku Blantyre kukangogula makina oyezera kapena timapepala toyezera shuga. Thiransipoti yokha imawadyera ndalama yoti akanagulira katunduyo. Kuli ogwira ntchito ku minda ya nzimbe ya Illovo amene amalandira pa mwezi, kuli makiliniki a anthu wamba, kuli zipatala za mishoni za pansi pa CHAM monga St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona zimene zimagula zinthu zina pazokha. Apa m'pamene zaka zanu za unamwino zimasanduka mpamba: mukhoza kumuonetsa gogo kamangidwe ka lamba wa makina a BP, kapena kumudulira ndodo molingana ndi msinkhu wake, zimene wa pa golosale sangathe.

Njinga za aulumali musaunjike. Ndi zodula, ndipo ambiri ozifuna amayembekeza kulandira kwa mabungwe othandiza. Zambiri zochokera kunja zinapangidwira simenti ya m'chipatala, mu mchenga wa kwathu kuno sizichedwa kuthyoka. Muziitanitsa wina akapereka kaye theka la ndalama.

Chimene chili pafupi ndi zimene achemwali anu akunena ndi mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo omwe si a boma, monga MASM. Iwo amalipira okhawo amene anasainirana nawo mgwirizano, ndipo si chipangizo chilichonse chimene amalipira. Zimenezo mukazifunse bizinesi ikakhazikika, muli ndi zilolezo zonse ndi mabuku osonyeza malonda a chaka chathunthu.

Musaiwalenso dzuwa la ku Chigwa. Mu October kutentha kumapitirira madigiri 40, pamene timapepala tambiri toyezera shuga timafuna malo osapitirira madigiri 30, ndipo magolovesi akapsa ndi kutentha amang'ambika povala. Pezani nyumba ya siling'i, yolowa mphepo, ndipo muziodako pang'onopang'ono. Mashelefu akhale okwera. Amene anaona madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 sangafunse chifukwa chake.

Pa K6 miliyoniyo, ine ndikanaika theka lokha mu katundu, gawo lina ku zilolezo, lendi ndi mashelefu, yotsala ikhale ku banki yoodera katundu akamatha. Satifiketi ya PPDA itengeni ndithu, koma oda ya boma yoyamba ikhale yaing'ono, yoti ngakhale atachedwa kulipira miyezi isanu ndi umodzi, shopu ikhalabe yotsegula.