Makope atatu ogulidwa, onse osatha: yankho kwa mayi wa ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba, ndipo anandilola kuyankha poyera bola dzina lisatchulidwe. Mwachidule anati: "Ku Mvano anatilimbikitsa kuti tizilemba m'kope tsiku ndi tsiku tikamawerenga Baibulo ndi kupemphera. Ndagula hadikava katatu konse. Ndimayamba bwinobwino, koma pakatha sabata ziwiri zimathera pomwepo, kenako ana amayamba kung'ambamo mapepala. Ndimaopanso kuti bambo a kunyumba angawerenge. Kodi zimenezi n'zofunikadi pa Chikhristu? Ndikasiya, ndachimwa?"

Mayi, ndiyambe ndi funso lomalizalo, poti ndi limene likukusowetsani tulo. Simunachimwe ayi. Palibe paliponse m'Baibulo pamene Mkhristu analamulidwa kukhala ndi kope la mapemphero. Agogo anga aakazi sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, ankangodinda chala, koma pemphero lawo la m'bandakucha linkatidzutsa nyumba yonse. Ndani angayerekeze kunena kuti ankapemphera moperewera?

Ine ndimalemba, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: ndine woiwala. Salimo 103:2 imauza moyo kuti usaiwale zokoma zonse zimene Yehova wachita, ndipo ndikawerenga vesi imeneyi ndimaona ngati wolembayo ankandidziwa. Tsiku lina ndikusesa m'chipinda ndinapeza kope langa lakale. Mwezi wathunthu ndinkangolira za fizi ya mwana, tsamba ndi tsamba nkhani yake yomweyo. Fiziyo inapezeka, mwanayo anamaliza sukulu. Ndinafufuza m'kopemo tsiku limene ndinathokoza, osalipeza. Nkhawa ya fizi itangotha, tsamba lotsatira linali kale pa nkhawa ya lendi. Ndinachita manyazi ndili ndekha.

Tsono tsegulani Numeri 33, chaputala chimene ambirife timachidumpha. Vesi 2 ikuti Mose analemba maulendo a Aisraeli malo ndi malo, molamulidwa ndi Yehova. Muone mmene analembera. Anachoka pakuti, anakamanga misasa pakuti. Anachoka pamenepo, anakamanga pena. Malo oposa 40, ndipo ambiri mwa iwo ndi dzina lokha basi, opanda ndemanga. Mwa apo ndi apo m'pamene pali kachiganizo kowonjezera: ku Elimu kunali akasupe 12 ndi mitengo ya kanjedza 70; ku Refidimu kunalibe madzi oti anthu amwe; pa phiri la Hori Aroni anamwalira ali ndi zaka 123. Ulendo wa zaka 40 wakwana pa tsamba limodzi kapena awiri.

Ndikukayikira kuti makope anu atatuwo anafa chifukwa munkalemba zambiri. Tsiku loyamba munthu umadzaza masamba atatu, lachiwiri awiri, lachisanu wadzuka mochedwa, mbaula ikukana kuyaka, ana akufuna phala, ndiye umati ndilemba madzulo. Madzulo magetsi azima, thupi latopa. Pakadutsa masiku anayi kopelo limayamba kuoneka ngati munthu amene unamukongola ndalama, umangolizemba.

Yesani kulemba ngati Mose. Deti. Ndime imene mwawerenga, kaya mukutsata Mlozo kapena ndondomeko ina ya mpingo wanu. Mawu amodzi amene akugwirani mtima, okopera monga alili. Kenako chiganizo chimodzi kapena ziwiri kwa Mulungu. Zatha. Sizitenga n'komwe mphindi zisanu. Tsiku lina simudzamva kalikonse, ndipo mungolemba kuti "Levitiko 13, sindinamvepo kanthu." Ameneyonso ndi malo amene munamangapo msasa. Mukadumpha masiku musabwerere kukadzaza, ingolembani deti ya lero n'kupitiriza. N'chifukwa chake sindikonda madayale aja okhala ndi madeti osindikiziratu amene makampani amagawa mu Januwale. Tsamba lililonse lopanda kanthu limakuloza chala. Kope wamba la ana asukulu silisunga mlandu.

Chovuta kwambiri si kulemba tsiku lililonse, koma kulemba zoona. Ine zaka zoyamba ndinkalemba m'Chingerezi, mawu ake osankhika, ngati kuti tsiku lina ndikadzafa adzawerenga pa maliro anga anthu n'kumati koma mayiyu anali woyera. Ndinali ngati Mfarisi wa pa Luka 18 uja, amene anaima m'kachisi n'kumawerengera Mulungu zabwino zake. Ndinasintha nditazindikira kuti ndikamalira zenizeni, monga mwana atatentha thupi pakati pa usiku, sindilira m'Chingerezi. Kuyambira pamenepo ndimalemba m'chinenero chimene ndimalirira. Inunso lembani m'chimene chimabwera chokha, kaya Chichewa, Chiyao, Chilomwe kapena chosakaniza. Palibe mphunzitsi woti achonge. Ndipo musaope kulemba kuti lero mwakwiya kapena kuti pemphero likuoneka ngati likungogunda malata. Werengani Salimo 88 mpaka kumapeto: ilibe mawu otonthoza ngakhale amodzi pothera pake, imathera mu mdima, koma inasungidwa m'Baibulo.

Tibwere ku nkhani ya bambo ndi ana, imene ambiri olimbikitsa za makopewa amaidumpha ngati kuti tonse tili ndi chipinda chathuchathu chokiya. Nyumba zathu zambiri chipinda n'chimodzi, sutikesi ndi imodzi. Mantha anuwo si achilendo. John Wesley, amene anayambitsa mpingo wa Methodist ku England m'zaka za m'ma 1700, ankalemba dayale yake yachinsinsi m'zizindikiro ndi mawu ofupikitsa kuti wina asangotola n'kuwerenga. Inunso mukhoza kukhala ndi zizindikiro zanu. Munthu mumulembe ndi chilembo chimodzi. Tchimo limene mukulimbana nalo simuyenera kulifotokoza lonse, Mulungu akulidziwa kale. Kungolemba kuti "nkhani ija yabweranso" n'kokwanira kukukumbutsani. Koma pali chimodzi chimene ndikuchiletsa ndithu: zinsinsi za anzanu. Mnzanu wa ku Mvano akakuuzani za banja lake kapena za matenda ake kuti mumupempherere, zimenezo zisalowe m'kope ndi dzina lake. Kope limatayika, limaiwalika pa benchi ya tchalitchi, ndipo lilibe pakamwa pokana. Chimodzimodzi madandaulo a apongozi. Muwapempherere, koma musawatsegulire fayilo.

Za bambowo, inu ndi amene mukuwadziwa. Ine ndinangowauza anga kuti ili ndi kope limene ndimalankhuliramo ndi Mulungu, ndipo chidwi chinawathera pomwepo. Chobisidwa pansi pa matiresi ndiye chimaitana maso. Anawo muwagulire lawo, lanulo lizikhala m'chikwama cha Baibulo. Ena amalemba pa foni poti ili ndi pasiwedi. Zimatheka, koma ine ndikangoigwira m'mawa ndimapezeka ndili pa WhatsApp ndisanatsegule n'komwe Baibulo.

Phindu lenileni mudzaliona powerenga zakale, osati polemba. Kumapeto kwa mwezi khalani pansi muwerenge zonse, ndipo pa 31 Disembala, musanapite ku mapemphero a usiku wolowera chaka, muwerenge za chaka chonse. Samueli anaimika mwala n'kuutcha Ebenezeri, kunena kuti Yehova wawathandiza kufikira pamenepo (1 Samueli 7:12), ndipo mwala wotere ntchito yake imaoneka munthu akamadutsanso pamalopo. Pamene payankhidwa lembani deti pambali pake. Koma musalisandutse buku la ngongole la pa golosale loti Mulungu azibweza mzere ndi mzere. M'kope langa lina muli dzina la m'bale wanga amene ndinamupempherera miyezi isanu ndi iwiri, ndipo tinakamuika m'manda. Pambali pa dzinalo sindinalembepo kanthu mpaka lero, ndipo sindinafufutepo.

Hadikava yachinayi musagule. David Livingstone, mu 1871 ali ku Nyangwe m'dziko limene lero ndi Congo, mapepala ndi inki zitamuthera, anapanga inki kuchokera ku njere za chomera china n'kumalemba dayale yake pamwamba pa nyuzipepala yakale, modutsa mizere yosindikizidwa. Inu muli ndi makope atatu, ong'ambika inde, koma masamba otsala alipo. Tengani limene lili pafupi, mudumphe tsamba limodzi kuchokera pamene munalekezera, mulembe deti ya mawa pamwamba usiku uno, ndipo bolopeni muisiye momwemo.